Mbava Yoopa Kuzimitsa Kabolodi

Sajeni anafika pageti la kampaniyo akutukwana chamumtima. Pafoni anamuuza kuti kwabedwa katundu wamkulu, iye nkusiya mlandu wa anthu othyola sitolo, kuthamangira kuno mapazi atatupa mu nsapato za boma. Zaka zimene mayiyu anakhala akufufuza milandu zinamuphunzitsa kuti palibe anthu olira mokweza ngati a m'maofesi, makamaka chosowacho chikakhala chaching'ono. Kutsidya kwa msewu kunali galimoto yotuwa, mkati muli bambo wina amene ankanamizira kuwerenga nyuzi. Sajeni anamuona, nayang'anitsitsa nambala ya galimotoyo.

Geti anatsegula ndi eni kampani okha, bambo amimba, atayi yofiira, thukuta lili kamukamu. Sajeni atangolowa, iwo analikhomanso nkuponya kiyi m'thumba.

"Mwachedwa, amayi," anatero a Bwana akupuma wefuwefu pamasitepe. "Wakubayo tamugwira kale. Inu mungomutenga."

"Mukanangomuweruzanso nokha, mundipumitse ine," anayankha Sajeni. "Chabedwa n'chiyani?"

A Bwana anatambasula zala ziwiri, kusonyeza kanthu kosaposa bokosi la machesi.

Sajeni anaima. Anayang'ana zalazo, nayang'ana mwini wake, kenako anatsonya.

"Musapeputse, amayi! Ndi kabolodi ka zamagetsi, inde, koma ndiko kampani yonseyi. Kamaikidwa mu firiji yosungira mankhwala. Firiji ikayamba kutentha, kamatumiza uthenga ku foni, popanda waya aliyense. Mawa m'mawa kukubwera anthu ofuna kugula. Ndiwaonetsa chiyani? Tayi yangayi?"

Analowa m'chipinda chogwiriramo ntchito. Pakona panali katoni yodzaza ndi timabolodi tobiriwira, tofanana ngati tobadwa tsiku limodzi.

"Nanga iti?"

"Ito tilibe kanthu mkati. Kabedwako ndi kokhako kamene kanadzuka."

"Kanadzuka? Kanali mtulo?"

"Zimenezo afunseni a Pulofesa, ndiwo anapanga zonsezi. Ine ndimadziwa za malonda."

Sajeni anakhulupirira mawu omalizawo okha, ndipo ngakhale amenewo mokayika. A Bwana anafotokoza nkhani yonse modzimva, ngati munthu amene wathetsa mlandu umene unakanika boma. Panali mtsikana wina wothandiza a Pulofesa kulemba mapulogalamu, onse ankangomutchula kuti Kachetechete chifukwa chosakonda kulankhula. Mtsikanayu anali ndi khanda lokana botolo, choncho masana aliwonse apongozi ake ankabwera nalo pageti kuti liyamwe. Lero anatsika monga mwa masiku onse, ndipo anaonedwa akupereka chikwama kwa apongoziwo. Atakwera m'mwamba anakuwa kuti kabolodi kasowa.

"Anakuwa ndi iyeyo?"

"Ndiko kuchenjera kwa mbava kumeneko! Kabolodi kanatuluka m'chikwama cha matewera. Ine pompo ndinakhoma geti, palibe watuluka. Foni yake ndamulanda, mwini wake ndamutsekera m'chipinda cha katundu. Akagone m'chitokosi, mawa akanena yekha kumene kali."

"Nanga khandalo liyamwa ndani usiku uno? Inu?"

A Bwana anakonza tayi yawo. "Zimenezo akanaziganiza asanabe."

*

A Pulofesa sanali pulofesa wa sukulu ina iliyonse. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo powaseka, iwo nkulilandira ndi manja awiri. Anali aatali, oonda, a magalasi olendewera pamphuno, ndipo ankalankhula akuyang'ana kudenga, ngati kuti pansi panalibe woyenera kumva mawu awo.

"Sindikudziwa ngati muzimvetsa, mayi wapolisi," anayamba motero. "Izi n'zakuya. Bolodi payokha ndi chitsulo chabe. Kuti igwire ntchito imafuna pulogalamu yoiyendetsa, imene imadzutsa ziwalo zake chimodzichimodzi, mpaka kukafika pa kachiwalo kolankhula ndi foni. Kudzutsako ndiye kovuta. Zinanditengera miyezi, ndisaname."

"Pepani nawo," anatero Sajeni, maso ali patebulo.

Patebulopo ndi pamene panali nkhani, osati kudenga. Pakati pa fumbi ndi tizidutswa ta waya panali malo oyera pamene kabolodi kankakhala. Pambali panali laputopu yotseka, yakale koma yogwira ntchito, imene mbava iliyonse yanzeru zake ikanayamba kunyamula. Chingwe chochokera ku laputopuyo sichinaduke, wina anachizula bwinobwino nkuchigoneka pambali. Ndipo chapafupi panali tepi yakuda, yomatidwa patebulo, yodulidwa mowongoka ndi lumo.

"Tepi iyi inkagwira chiyani?"

A Pulofesa anatsitsa maso pang'ono. "Kabatire, ndikuganiza. Sindilabadira zinthu zazing'ono ngati zimenezo."

"Kabatire kameneko n'kodula?"

"Aaa, ayi. Mumsika tili mbwee."

"Ndiye mbava yasiya laputopu, nkukhala pansi kudula tepi mwaulemu chonchi kuti itenge kabatire ka mumsika?"

"Maganizo a mbava ndi ntchito yanu, mayi, osati yanga."

"Inu munali kuti pamene mtsikanayu anatsika?"

"Mu ofesi yanga, ndikukonza mawu okalankhula mawa. Muno sindinapondemo chiyambire m'mawa. Nditamva kukuwa ndinathamanga, ndipo ndine ndinatsogolera kusecha. Tinagubuduza madirowa, zikwama, ngakhale kuchimbudzi. Palibe." Anapukusa mutu mwachisoni chochita kugula. "Mwana ameneyu ndinamutola alibe chimene akudziwa. Ndinalangiza a Bwana kuti asamulole kukhudza laputopu kapena foni, angafafanize umboni."

Uku akulankhula, a Pulofesa ankangosuzumira wotchi yawo. Sajeni anawafunsa dala mafunso opanda mutu, za zaka zawo pantchito, za kumene anagula magalasi, pofuna kuona kuti kupirira kwawo kufika pati. Posakhalitsa bamboyo anadzuka.

"Mundikhululukire, ndikapume mpweya pang'ono. Nkhaniyi yandisokoneza."

Anatsika masitepe mofulumira kuposa mmene munthu wosokonezeka amatsikira. Patapita kanthawi, kunja kunamveka injini ya galimoto ikulira, koma galimotoyo siinasunthe.

*

Pakhomo lolandirira alendo pankakhala mlamu wa a Bwana, mng'ono wa akazi awo, amene ntchito yake yeniyeni inali kupenta zikhadabo ndi kudziwa za eni ake. Sajeni sanachite kumufunsa, mkaziyo anali atadikira mwayi umenewu tsiku lonse.

"Ine ndinaona ndi maso angawa, amayi, sindikuchita kumva ayi! Watsika uyo, tsinya lili pamphumi ngati timamudyera zake. Moni? Angakupatseni moni ameneyo? Wafika pageti, wakhala pabenchi, wayamwitsa, kenako chikwama chija pereke kwa agogo aja. Chotupa, amayi! Ndinadziuza ndekha kuti matewera okha sangatupe chomwecho."

"Chikwamacho anatsika nacho kuchokera m'mwamba?"

Mlamu anauzira zikhadabo zake. "Aaa, chimenecho ndiye sindinaonetsetse. Mwina anabwera nacho agogowo. Koma chinali chotupa."

"Pamene iye anali pageti, ndani anadutsa pano?"

"Palibe. Alamu anali pafoni mu ofesi mwawo, ndimawamva akukalipira munthu. Kupatula a Pulofesa amene anatsikira ku galimoto yawo, koma amenewo si munthu wowawerengera."

"Anatsika atanyamula chiyani?"

"Jekete lawo, atalipinda pamkono, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Kutentha konseku, jekete! Anthu ophunzira ali ndi zawo." Anaseka. "Ndipo lero ndiye andidabwitsa. Mukuwamva? Akulizanso galimoto. Chiyambire masana akungotsika, kukwera, kutsika, akuti batire la galimoto lafooka. Bambo oumira ngati amenewo! Pamtsetse amazimitsa injini kuti mafuta asathe. Tsiku lina ananditenga mvula ikugwa, anandifunsa ya mafuta ndisanatseke n'chitseko chomwe. Lero akungowotcha mafuta galimoto ili chiimire. Mwina nkhawa yawapenga."

Sajeni anayang'ana mkaziyo ndi kunyansidwa kosakanikirana ndi kuthokoza. Anthu amiseche ankamutopetsa, koma pa ntchito yake analibe abwenzi ena oposa amenewa. Amakupatsa chimene akufuna kuti umve, ndipo chimene ukufuna iweyo chimagwa chokha m'mphepete.

"Kiyi wa chipinda cha katundu ali ndi ndani?"

"Ali apa. Koma samalani, amayi, anthu ofatsa ndi oopsa."

*

Kachetechete anali atakhala pa katoni, manja atapinda pachifuwa. Atadzuka, Sajeni anaona chifukwa chake: bulauzi yake inali itanyowa mbali zonse ziwiri. Anali wamng'ono thupi, maso ofiira, koma sankalira. Sajeni analowa atakonzeka kumunyoza monga anachitira ndi enawo, pakuti kwa iye onse a m'nyumba imeneyi anali amodzi, anthu akuluakulu oseweretsa tizidole ta magetsi. Koma bulauziyo inamukumbutsa zaka zakale, ali pa ntchito ya upolisi wa pamsewu, mabere akuwawa, mwana ali kutali. Mtima unamuwawa, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa.

"Iwe, unaba?"

"Ayi, amayi."

"Onse amatero. M'chikwama munali chiyani?"

"Matewera akuda. Chikwamacho amabwera nacho apongozi anga, ine ndimangowanyamulira pamene akubereka mwana." Anayang'ana kukhomo. "Amayi, nthawi yoyamwa yakwana. Abweranso naye posachedwa. Botolo amalilavula, akhoza kulira mpaka kukomoka."

"Ndiye lankhula msanga. N'chifukwa chiyani mbava inatenga kabatire?"

Mtsikanayo anamuyang'ana koyamba m'maso. "Kabatire kapitanso? Sanandilole kuonetsetsa. Ndinangokuwa, basi anandigwira."

"Kapita, ndipo tepi yadulidwa ndi lumo."

"Ndiye kuti sanafune kuti kazime." Anatero pang'onopang'ono. "Ndiloleni ndikuonetseni, pakamwa sindingathe."

Sajeni anamutengera m'chipinda chogwiriramo ntchito chija. A Bwana anatulukira akukuwa kuti asakhudze laputopu, koma Sajeni anangowalozera chitseko ndi chibwano, iwo nabwerera. Kachetechete anatola kabolodi kamodzi mu katoni, nakalumikiza ku laputopu ndi chingwe chija. Kanyali kofiira kanayamba kuphethira.

"Apa kali ndi magetsi, koma sikakudziwa kuti ndi ndani," anatero. "Kakudikira kuti wina akauze."

Zala zake zinathamanga. Pagalasi la laputopu panayamba kutsika mizere ya mawu, wina pansi pa unzake, iye akuloza ndi chala: apa kapeza wotchi yake, apa kawerenga malo ake okumbukira, apa kadzutsa kachiwalo kolankhula popanda waya. Kanyali kofiira kanazima, kobiriwira nkuyaka. Kenako anazula chingwe, nachibwezeranso. Kofiira kaja kanayambiranso kuphethira, mbuu, ngati sikanaonepo kanthu.

"Kaiwala?"

"Zonse. Mkatimu muli malo awiri. Ena amasunga ngakhale magetsi atazima. Ena amasunga pokhapokha magetsi alipo. Anthu onse akamaliza ntchito amaika pulogalamu m'malo osaiwalawo. Ine ndimaika m'malo oiwala, ndipo m'mawa uliwonse ndimakadzutsa ndekha kuchokera pa laputopu yangayi. Ndi yanga, kampani inakana kundigulira."

"Chifukwa chiyani ukudzivutitsa chomwecho?"

Kachetechete anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Chaka chatha ndinapanga kena, ndinaika mosaiwala. A Pulofesa anakanyamula kupita nako kwa a Bwana, akuti apanga ndi iwo. Anawakweza. Ine ndinauzidwa kuti ndiziphunzira kwa iwo. Ndiye kano ndinati ayi. Mwezi watha anayesanso, anakazula ine kulibe, kukafika nako kwa a Bwana kali chete. Ananamizira kuti waya wamasuka. Kenako anabwera kudzandifunsa kuti ndachita matsenga anji."

"Unawauza?"

"Anandiopseza kuti andichotsetsa ntchito. Ndinawauza. Kuyambira pamenepo amandiumiriza kuti ndizimangirira kabatire, akuti magetsi akathima ntchito isatayike."

"Ndani winanso akudziwa kuti kamaiwala?"

"Palibe. A Bwana amaganiza kuti timayatsa ngati wailesi."

Sajeni anakhala pampando, kupumitsa mapazi. Mbava wamba ikanazula nkuthawa. Uyu anadula tepi, kunyamula kabolodi pamodzi ndi kabatire kake, osalola kuti waya umodzi usunthe.

"Munthu atakhala nako kamoyo, angatani nako?"

"Wodziwa ntchito akhoza kukopera zonse zili mkati. Koma amayi, kabatire kaja n'kotha. Pofika pano kazima kalekale, pokhapokha ngati wina akukadyetsa magetsi."

Kunja injini ija inaliranso. Sajeni anamwetulira koyamba tsiku limenelo, kumwetulira kosakoma.

"Tandiuza, mwana wanga. Kakadzuka, kamalankhula ndi foni ya ndani?"

"Yanga. Intaneti ya muno imadukaduka, ndiye ndinakaphunzitsa kufunafuna foni yanga. Sikatopa, kamangoitana mpaka kaipeze. Koma sikamva patali."

Nthawi yomweyo kuchokera kugeti kunamveka kulira kwa khanda, kosasa mawu, kwa mwana amene wayamba kale kulira ali m'njira. Kachetechete anadzigwira pachifuwa.

*

Foni ija Sajeni anachita kuilanda m'dirowa la a Bwana. Atayiyatsa, Kachetechete anatsegula pogawira intaneti, naipereka kwa Sajeni. M'chipinda chogwiriramo ntchito foni inali chete. Pamasitepe inali chete. A Bwana ankawatsatira pambuyo akudandaula kuti apolisi a masiku ano amasewera ndi mbava, mlamu naye ali m'mbuyo mwawo, zikhadabo zili m'mwamba kuti zisafufutike.

Pabwalo dzuwa linali likuswa mtengo. Kuseri kwa zitsulo za geti kunali mayi wachikulire akugwedeza khanda limene linali litafiira ndi kulira.

"Tsegulani, bambo inu!" anakuwa apongoziwo. "Mwanayu wandithera mawu! Kaya mwakangana chiyani mkatimo, iyeyu walakwa chiyani?"

"Palibe kutsegula!" anayankha a Bwana. "Mubweze kaye zimene munatenga m'matewera!"

Kachetechete anayamba kulunjika kugeti, koma Sajeni anamugwira pamkono. "Pirira pang'ono. Ukapita pano, upita ngati mbava."

Pabwalopo panali galimoto ya a Bwana, ya kampani yonyamula katundu, ndi ya a Pulofesa imene inali pakona, mawindo onse otseka. Eni ake anali atangozimitsa injini, ataima pambali akupukuta magalasi. Sajeni anayenda pang'onopang'ono, foni ili m'manja ngati mbale yodzaza madzi. Atadutsa galimoto ya kampani, foni inanjenjemera.

Anawerenga mokweza, mawu amodziamodzi. "Chenjezo. Firiji yatentha kwambiri. Mankhwala awonongeka."

Onse anasuzumira pafoniyo.

"Kapezeka!" anakuwa a Bwana. "Kali kuti? Kali kuti?"

"Kakuti kali mu firiji yotentha," anatero Sajeni. "Bambo Pulofesa, inu odziwa zakuya, pabwalo pano pali firiji?"

"Ndi uthenga wakale umenewo," anayankha a Pulofesa msangamsanga. "Zimachitika. Unatsakamira m'njira. Simungazimvetse."

"Zoona, sindingazimvetse. Mwana wanga, kanthu kameneka kali ndi pakamwa?"

Kachetechete analandira foni, nadina kamodzi. Kuchokera m'galimoto ya pakona kunamveka kulira kwakuthwa, pii, pii, pii, kosalekeza.

A Pulofesa anagwetsa magalasi.

"Tsegulani," anatero Sajeni.

"Mayi, galimoto ya munthu siisechedwa popanda..."

"Munasecha chikwama cha mnzanu ndi chimbudzi chomwe. Tsegulani, ndisachite kuswa windo, mungandifunse ya galasi."

Chitseko chitatseguka munatuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni. Pansi pa mpando panali jekete lopindidwa bwino, ndipo kuchokera m'jeketemo chingwe chinakwera kukalowa pobowola potchajira foni. Sajeni anafunyulula jeketelo. Kabolodi kanali pamenepo, kabatire kali pambali pake ndi zotsalira za tepi yakuda, kanyali kobiriwira kakuwala mosatekeseka.

"Pobowola apa pamapereka magetsi injini ikamalira basi," anatero Sajeni, akuyang'ana a Bwana. "N'chifukwa chake katswiri wanuyu wakhala akuwotcha mafuta chiyambire masana. Munamutsekera mkati ndi geti lanulo asanakapereke katundu. Chanzeru chokhacho chimene mwachita lero, ndipo mwachichita mwangozi."

"Ndimakasunga!" anatero a Pulofesa. "Ndinaona kuti mtsikanayu ndi wosadalirika, ndiye ndinati ndikabise pabwino..."

Sajeni anatulutsa unyolo. Utangowala padzuwa, galimoto yotuwa ija kutsidya kwa msewu inalira nkuchoka mwaliwiro, nyuzi ikuuluka pawindo. A Pulofesa anaiperekeza ndi maso ngati mwana wosiyidwa pa siteji ya basi.

"Abwenzi anu apita," anatero Sajeni akuwamanga. "Anakulonjezani chiyani? Ofesi yaikulu? Nambala yawo ndaisunga m'mutu, mukakambirana bwino kwathu."

A Bwana sanamve n'komwe zimenezo. Anali atagwada pachitseko cha galimoto, akuyang'ana kanyali kobiriwira ngati munthu woona mwana wake wotayika. Sajeni anajambula zonse ndi foni yake, kenako anazula chingwe cha galimoto, nanyamula kabolodi ndi kabatire kake. Sanapereke kwa a Bwana, amene anali atatambasula kale manja. Anapereka kwa Kachetechete.

"Ndi kako aka?"

"Ndi ka kampani," anatero mtsikanayo. "Zamkatimu ndi zanga."

Anagwira waya wa kabatire ndi zala ziwiri, nausolola. Kanyali kobiriwira kanazima. Kenako anabwezera wayawo, naika kabolodi m'manja mwa a Bwana. Kofiira kanayamba kuphethira.

"Wachita chiyani? Bwanji kafiira?" A Bwana anakagwedeza, nakaika kukhutu. Anatembenukira kwa a Pulofesa mwachizolowezi. "Inu, tayatsani! Munapanga ndinu, tayatsani tione!"

A Pulofesa, manja ali mu unyolo, anadina kabatani ndi chala chachikulu. Anadinanso. Anayang'ana kudenga, koma pabwalo panalibe denga. Kanyali kanapitiriza kuphethira.

"Zinawatengera miyezi," anatero Sajeni. "Apatseni ina."

Zinatenga nthawi kuti zilowe m'mutu mwa a Bwana, ndipo Sajeni anaonerera ulendo wonsewo pankhope pawo, mopanda chisoni ngakhale pang'ono. Pomaliza bamboyo anatembenukira kwa mtsikana amene tsiku lomwelo ankafuna kuti akagone m'chitokosi.

"Mwana wanga," anatero ndi mawu ofewa amene mwina anali asanawagwiritsepo ntchito. "Tinangosamvana. Ukudziwa kuti ine ndimakuona ngati mwana wa m'nyumba mwanga. Anthu aja akubwera mawa. Tiye m'mwamba ukakadzutse, tikambirane bwinobwino."

Kachetechete anatambasula dzanja. A Bwana anafuna kuikamo kabolodi, iye nalibweza.

"Kiyi wa geti."

Anapisa m'thumba mofulumira mpaka thumbalo linatembenuka. Mtsikanayo anatsegula geti yekha, nalandira khanda kwa apongozi ake, nakhala pabenchi paja. Kulira kunaduka pakati, kunangotsala kumeza kofulumira ndi kusisima kwa mwana amene wakwiya koma alibe nthawi yokwiyira. Apongozi anaima pambali, akuyang'ana a Bwana kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

Sajeni anakankha a Pulofesa kuti atsogole. Podutsa pabenchipo anaona a Bwana atayandikira, ataima padzuwa, kabolodi kali m'manja awiri, kakuphethira kofiira.

"Ndiye ukwera nthawi yanji, mwana wanga?"

Kachetechete sanadzutse mutu. Anapukuta thukuta pamphumi pa khandalo ndi chala.

"Akakhuta, bwana," anatero. "Ndipo ameneyu amayamwa mosathamanga."